Kupita ndi ana ku Stadium Park ya ku Perth: momwe mungachitire

Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala ku Perth, ku Western Australia, ambiri amaidziwa Optus Stadium chifukwa cha mpira ndi zoimbaimba. Koma pafupi ndi bwaloli, m'mphepete mwa mtsinje wa Swan, pali paki yolowa ulere imene ana angathe kusewerako mpaka kutopa. Mbali ina ya pakiyi, yotchedwa Chevron Parkland, anaikonza potsatira nyengo 6 za anthu a mtundu wa Noongar, eni nthaka a kummwera chakumadzulo kwa dzikolo. Malangizo anga ndi akuti nyengo zomwezo zikuuzeni nthawi yonyamukira, zolongedza m'chikwama ndi zoti muwaonetse ana.

1. Yambani mwaona ngati kuli masewero

Bwaloli linatsegulidwa mu Januwale 2018 ndipo mumalowa anthu 60,000. Matimu a mpira wa mtundu wa ku Australia (Aussie rules) a West Coast Eagles ndi Fremantle Dockers amasewera pamenepo kuyambira Malichi mpaka kumapeto kwa nyengo yozizira, ndipo kukatentha pamabwera kiriketi. Tsiku la masewero misewu ina amaitseka, malo oimikapo magalimoto sapezeka, ndipo kukankha ngolo ya mwana m'chikhamu chotero ndi chintchito. Onani kalendala ya bwaloli pa intaneti n'kusankha tsiku lopanda zochitika.

2. Dziwani nyengo imene muli

Apa ndiye pagona nkhani. A Noongar sawerenga nyengo ndi kalendala. Amayang'ana mphepo, maluwa ndi zimene nyama zikuchita, ndipo miyezi imene timaitchulayi ndi yongoyerekezera.

Birak, cha mu Disembala ndi Januwale, ndi nyengo yotentha komanso youma, pamene kale ankatentha tchire pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo. Bunuru, mu Febuluwale ndi Malichi, ndi pachimake pa kutentha, ndipo mabanja ankakhala kufupi ndi nyanja ndi mitsinje kumadya nsomba. M'nyengo ziwirizi masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 40. Fikani m'mamawa, ndipo pomakwana 10 koloko muzikhala mukulongedza. Apo ayi dikirani madzulo, mphepo yochokera kunyanja, imene anthu akumeneko amaitcha Fremantle Doctor, itayamba kuomba. Masana musayerekeze. Mchenga ndi zitsulo zimaotcha mapazi a mwana.

Djeran, mu Epulo ndi Meyi, ndi pamene kumayamba kuzizira usiku ndipo m'mawa udzu umakhala ndi mame. Kwa ine iyi ndiye nyengo yabwino kuposa zonse yopitira ndi ana aang'ono. Makuru, mu Juni ndi Julayi, imasokoneza munthu wongofika kumene kuchokera kwathu, chifukwa ife Juni timamudziwa ngati mwezi wozizira komanso wouma, pamene ku Perth ndi nthawi ya mvula yambiri. Tengani majekete ndi zovala zosinthira, matope asakuopseni.

Djilba, mu Ogasiti ndi Seputembala, maluwa achikasu amayamba kuoneka, koma ndi nthawi imenenso mbalame zotchedwa magpie zimaswa, ndipo zina zimatsika n'kujompha mutu wa aliyense wodutsa pafupi ndi chisa. Chipewa chimathandiza, ndipo mwana muuzeni asathamange kapena kuigenda, angochokapo mwakachetechete. Kambarang, mu Okutobala ndi Novembala, ndi nyengo ya maluwa ambiri, komanso njoka zimatuluka kudzaothera dzuwa. Ku Perth kuli njoka zaululu monga dugite ndi tiger snake, ndipo yachiwiriyi imakonda malo a madzi. Ana avale nsapato zotseka ndipo asalowe m'maudzu ataliatali. Wina akalumidwa, mugonekeni asayendeyende, mangani bandeji mothina mwendo kapena mkono wonse, ndipo imbani 000, nambala yoitanira ambulansi. Zotema pabala kapena kuyamwa ululu zisiyeni.

3. Fikani wapansi, kudzera pa mlatho

Mukhoza kupita pa galimoto, koma malo oimikapo ndi ochepa. Pali siteshoni ya sitima ya Perth Stadium, ndipo nthawi zake mungazione pa pulogalamu ya pafoni ya Transperth, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mumzindawu. Ana a zaka 4 kutsika m'munsi salipira. Koma ngati miyendo ya ana ikulola, kwerani basi yaulere ya CAT mpaka ku East Perth n'kuwoloka pa mlatho wa Matagarup, umene ndi wa anthu oyenda pansi ndi apanjinga okha.

Mlathowu unatsegulidwa mu Julayi 2018 ndipo zitsulo zake zakuda ndi zoyera zimapindika m'mwamba mpaka mamita 72. Ena amati akuona mbalame ziwiri zamakosi aatali, ena amati ndi Wagyl, chinjoka chimene a Noongar amati ndicho chinakumba mtsinjewu poyenda. Afunseni ana kuti iwo akuona chiyani musanawauze. Auzeninso kuti mtsinje umene pamapu walembedwa kuti Swan, eni ake amautcha Derbarl Yerrigan. Chenjerani ndi apanjinga, ena amathamanga ndithu, choncho wamng'ono mugwireni dzanja.

4. M'chikwama

Madzi ambiri, zipewa zamlomo waukulu, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, thaulo, zovala zosinthira, ndi nsalu yoyala pansi. Chitenje chimagwira ntchito zitatu: mphasa, mthunzi ndi mbereko ya wotopa pobwerera. Nkhani ya mafutayi makolo ambiri akwathu amaipeputsa poganiza kuti khungu lakuda silipsa. Limapsa. Dzuwa la ku Australia ndi laukali, ndipo a zaumoyo kumeneko amalangiza kudziteteza mlingo wa UV, cheza cha dzuwa chootcha khungu, ukafika pa 3. M'chilimwe ku Perth umadutsa 11 kawirikawiri. Pakani mphindi 20 musanatuluke panja, ndipo bwerezani pakatha maola awiri.

5. Mukafika, musathamangire kufotokoza

Malo osewerera a ku Chevron Parkland si a pulasitiki wamitundumitundu ayi. Ndi zipika, miyala, mchenga, zingwe, mokwawa ndi pokwera, ndipo anawamwaza m'njira yonse m'malo mowaunjika pamodzi. Asiyeni ana ayambe asewera. Phunziro likabwera mwana ali ndi changu chokwera, limangolowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Akapuma kuti amwe madzi, ndiye muyambe kuyenda nawo. Werengani zikwangwani limodzi, ndipo apatseni ntchito yopeza dzina la nyengo imene muli. Akalipeza, afunseni ngati zimene akuona m'pakimo zikugwirizana nayo: kodi pali maluwa amtundu wanji, mphepo ikuchokera kuti, mbalame zikutani? Mwana amene anakhalako kumudzi amaigwira msanga nkhaniyi, chifukwa anamvapo agogo akunena kuti mvula yayandikira poona mitengo ikuphuka, osayang'ana kalendala. Wobadwira kunja ndi mpata wanu womuuza za dzinja, masika ndi chilimwe.

Ana okulirapo auzeni zoona, mosabisa. Anthu a m'dera la Perth ndi a Whadjuk, limodzi mwa magulu 14 a Noongar, ndipo makolo awo akhala m'dzikoli zaka zoposa 40,000. Angerezi anakhazikitsa Swan River Colony mu 1829 n'kuwalanda malo. Lamulo la 1905 linapatsa boma mphamvu yochotsa ana kwa makolo awo, ndipo kuyambira 1927 mpaka 1954 munthu wa mtunduwu sankaloledwa kulowa pakati pa mzinda wa Perth popanda chiphaso. Mu 2016 nyumba ya malamulo ya Western Australia inavomereza mwalamulo kuti a Noongar ndi eni nthaka a derali. Mwana akamva zimenezi amazindikira kuti mayina ali pazikwangwaniwo si zokongoletsera chabe, komanso kuti a Noongar si anthu a m'mbiri yakale. Alipo, ndipo mwina ena amaphunzira nawo kalasi imodzi. Moni wawo ndi "Kaya", ndipo ana sachedwa kuugwira.

Zosema ndi zojambula zimene zili m'pakimo ndi ntchito za amisiri. Pamene sanalole kukwera, asakwere. Maluwa asathyole.

6. Maso pa madzi

Pakiyi ili pakati pa mtsinje ndi dziwe, ndipo madziwo ali pafupi kwambiri ndi posewerera. Mukapita mabanja angapo, ngozi imabwera chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira ana. Gwirizanani momveka: "Amake Chikondi, ana ali m'manja mwanu mpaka nyama ipse, kenako ndikulandirani." Wolandira ntchitoyo foni aiike m'thumba.

Kusambira pamenepa ine sindilimbikitsa. Mtsinjewu umasakanikirana ndi madzi a m'nyanja, mumadutsa maboti, ndipo nthawi yotentha mumapezeka shaki zotchedwa bull shark. Mbalame zakuda zamlomo wofiira zimene zinapatsa mtsinjewu dzina la Chingerezi, a Noongar amazitcha maali. Ana azionere patali. Zikakhala ndi anapiye zimalusa, ndipo buledi amazidwalitsa.

7. Chakudya ndi kubwerera

M'pakimo muli malo ootchera nyama aulere. Ndi chitsulo chafulati chotentha mukadina batani, osati makala, choncho dulani nyama mopyapyala kuti ipse msanga, ndipo tengani chotembenuzira ndi mapepala opukutira. Mwambo wa kumeneko ndi woti ukamaliza umapukuta chitsulocho kuti wobwera pambuyo apeze poyera. Loweruka ndi Lamlungu pamakhala mzere, choncho nsima kapena mpunga phikiranitu kunyumba kuti ana asadikire ndi njala. Kwa amene sanatenge kamba, pafupi pomwepo pali malo odyera a The Camfield, koma banja lalikulu likonzekere kuwononga ndalama.

Nyamukani ana asanatheretu mphamvu, chifukwa mlatho uja pobwerera umatalika kwa mwana wa zaka zitatu. Muwalowetse kuchimbudzi, mukhutule mchenga m'nsapato, ndipo ngati mwadzera ku East Perth onani pafoni nthawi ya basi yomaliza ya CAT musanayambe kuwoloka.