Jakisoni wa pamkono uja, tisamudikiritse mwana

Amayi, abambo ndi inu anganga amene mumagwira khanda tsiku loyamba, nkhani yanga lero ndi ya kajakisoni kamene timabaya mwana pamkono wakumanja chakuphewa akangobadwa. Pindani malaya muone mkono wanu, ambiri muli nako kachipsera kozungulira ngati wina anakudindani ndi chala. Ameneyo ndi BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, TB imene ija. Ndi katemera wamkulu zaka kuposa tonse tili pano, anayamba kuperekedwa mu 1921 ku France, ndipo zilembo C ndi G zo ndi maina a akatswiri awiri amene anamupanga, Calmette ndi Guérin. Amabayidwa kamodzi basi, kadontho kochepetsetsa, 0.05 ml, pakhungu penipeni osati mkati mwa mnofu, nchifukwa chake mumaona katudza ngati walumidwa ndi udzudzu.

Nthawi yake ndi tsiku lobadwa lomwelo kapena masiku oyambirira, limodzi ndi timadontho ta poliyo ta mkamwa. Apa mpamene ife a ku Mangochi timapunthwa. Mayi wachilira pakhomo kapena panjira chifukwa matenda anayamba usiku ndipo kabaza sanapezeke, kenako akulowa mchikuta, akuti mwana asatuluke mpaka mchombo ugwe, mchombo wagwa akuti tidikire kaye amete, kwameta akuti bambo ake ali kunyanja abwere atipatse ya transipoti, uku miyezi itatu yapita mwana sanaone sikelo. Sindikunyoza mwambo ayi, nanenso ndinakulira momwemo. Koma kachirombo ka TB sikadziwa chikuta. Kamayenda mumpweya munthu wodwala akatsokomola, ndipo mnyumba yotseka mawindo, ya chipinda chimodzi, mmene anthu akubwera kudzaona mwana mmodzimmodzi ndi kumufungatira, ndi momwe kamakonda. Mufunditseni bwino mwanayo, anganga amuperekeze, abayitse abwerere mchikuta mwakemo.

Chimene chimatiopsa ife alangizi a zaumoyo nchakuti TB ya khanda siyenda ngati ya munthu wamkulu. Wamkulu amatsokomola miyezi, kuonda pang'onopang'ono, mpata wopita kuchipatala ulipo. Mwana wosakwana zaka 2 thupi lake silinakhwime, ndiye kachirombo kakalowa kamatha kudutsa mmapapo nkufalikira thupi lonse kudzera mmagazi, kapena kukafika kuubongo nkuyambitsa matenda oumitsa khosi. Mwana amayamba kungogona, kukana bere, kusanza, kenako kukomoka, ndipo amene apulumuka ena amatsala osamva, osaona kapena opuwala. BCG ntchito yake yaikulu ili pamenepa, kutchinga mitundu yoopsa imeneyi. Komanso kafukufuku amene anachitika ku Karonga konkuno ku Malawi anaonetsa kuti katemera yemweyu amathandizako kuteteza khate, phindu lapamwamba limenelo.

Mwina munapitapo kuchipatala nkuuzidwa kuti BCG lero ayi, mubwere tsiku lakuti. Zimawawa, ndikudziwa, makamaka ngati mwayenda wapansi kuchokera kumidzi ya ku Makanjira kapena kumapiri a ku Namwera uko. Chifukwa chake nchakuti kabotolo kamodzi kamakhala ka ana 20 ndipo tikangokasungunula kamakhala maola 6 okha, otsalawo timataya, ndiye malo ena amasonkhanitsa makanda tsiku limodzi. Ine maganizo anga ngakuti bola kutaya mankhwala kusiyana nkubweza mayi wochokera kutali, poti ambiri akabwezedwa sabweranso. Koma inu zikakuchitikirani musakwiye mpaka kusiya, funsani tsiku lenileni, alembe mubuku la mwana, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa mmudzi mwanu kuti sikelo yoyendayenda ifika liti. Ndipo ngati mwana wakula kale miyezi ingapo asanabayidwe bweranayeni ndithu, musaope kukalipiridwa.

Tsopano za chilonda, poti apa ndiye pamachitika zodabwitsa. Pakatha masabata awiri kapena atatu pamene tinabaya paja pamatupa, pamafiira, kenako pamatuluka timafinya, pamakhala kachilonda, nkudzapola pokha pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina itatu, nkusiya chipsera. Mmenemo ndi mmene ziyenera kukhalira, si kuti jakisoni wavunda. Ndinapezapo mayi wina atapaka mankhwala otsukira mano pakachilonda ka mwana, wina phulusa, wina anachita kutsegula kapisozi nkuthirapo ufa wake atauzidwa ndi anzake kudambwe lochapira. Chonde musafinye, musapake kanthu, musamange. Sambitsani mwana monga mwa masiku onse, pukutani mosakhula, muvekeni kamalaya komasuka. Chobwera nacho kuchipatala ndi ichi, mwanabele wamkulu mkhwapa, chilonda chomwe chikukulirakulira mmalo mopola, kapena mwana watentha thupi kwambiri. Ana ena chipsera sichioneka nkomwe ngakhale anabayidwa, bwerani ndi buku tione zomwe zinalembedwa, musadzigamulire nokha.

Amayi amene muli pa ma ARV, nkhaniyi ndi yanunso, ndipotu mwana wanu ndi amene akufunika chitetezochi kwambiri. Ngati wabadwa bwinobwino osaonetsa kudwala amabayidwa ngati wina aliyense. Amene timadikira kaye ndi mwana wodwalika, wobadwa masiku asanakwane yemwe sanalimbe, amene wapezeka ndi HIV, kapena amene akuonetsa zizindikiro zake, ameneyo adokotala ndi amene anene nthawi. Chimodzimodzi ngati mayi mwini akudwala TB ya mmapapo pa nthawi yobereka, mwana amayamba walandira mankhwala oteteza, katemera nkubwera pambuyo. Choncho musabise kwa anamwino kuti mukumwa mankhwala anji, mukabisa mwasokoneza dongosolo lonse.

Koma ndinene mosapsatira, chipsera si chithumwa. BCG saletsa mwana kutenga TB kotheratu, ndipo kwa akuluakulu chitetezo chake pa TB ya mmapapo nchochepa, nchifukwa chake mumaona bambo wa chipsera chake pamkono akudwala. Kuno kwathu achimwene ambiri amapita ku Joni, ena amakhala miyezi kumadoko a asodzi akugona mothithikana mtimisasa, munthu amabwera ndi katundu wake wabwino komanso kachifuwa kosatha, kutuluka thukuta usiku, thalauza likukhwepa. Pakhomo timayamba kunena kuti ndi fodya, ndi mphepo ya kunyanja, mwina tsempho kapena kanyera, tikuthamangira zitsamba, uku madzulo aliwonse akunyamula mwana pachifuwa kumusewereza. Munthu wotereyu akapereke makhololo akayezedwe, kuyeza ndi mankhwala omwe nzaulere mzipatala za boma, mankhwala ake ndi a miyezi 6 ndipo TB imachizika. Akangoyamba kumwa bwinobwino pakapita masabata ochepa mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri.

Akapezeka nayo, ana onse osakwana zaka 5 a mnyumbamo abwere nawo kuchipatala, kaya ali ndi chipsera kaya alibe, kaya akuoneka athanzi akuthamanga panja. Timawaunika, amene alibe matenda timawapatsa mankhwala oteteza oti amwe tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Apa makolo amafunsa kuti mwana wosadwala amwerenji mankhwala, ndipo funsolo ndi lomveka, koma kachiromboko kamatha kukhala phee mthupi nkudzadzuka mwana akafooka ndi chikuku kapena kunyentchera, ndiye timafuna kukapha kadakali mtulo. Vuto ndi lakuti mwezi woyamba amamwetsa mwakhama, wachiwiri botolo lili pawindo laiwalika.

Mwana wamng'ono satulutsa makhololo ngati wamkulu, ndiye maso anu ndi amene amatithandiza. Chifuwa chopitirira masabata awiri chosamva mankhwala, kutentha thupi kobwerezabwereza koma malungo akayeza sakupezeka, kusiya kusewera, ndiponso mzere wa kulemera uja mubuku la sikelo ukangoima kapena kutsika miyezi iwiri yotsatizana. Mukafika musangoti mwana akutsokomola, nenaninso kuti kunyumba kuli amalume ake akutsokomola chibwerereni ku Joni, kapena agogo ake anamaliza mankhwala a TB chaka chatha, mawu amenewo amasintha mmene adokotala amuonere mwanayo. Ndipo buku lija muzilisunga mupepala la pulasitiki, ambiri amabwera nalo litanyowa mubwato zolemba zonse zitafufutika, ife nkumachita kufunsa anganga kuti akumbukire ngati mwana anabayidwa.