Ma header a gcc akamalimbana ndi a glibc, osathamangira kufufuta

Dzulo ndinali ku Chikanda kwa mnzanga wina amene amaphunzira zamakompyuta pa Chirunga apa, akati akompaile pulogalamu laputopu ikungomulavulira kuti stdlib.h: No such file or directory pomwe fayiloyo ili phee mu /usr/include, iye wafika poti angoika Ubuntu mwatsopano, ndi kudula kwa bandulo kwa masiku anoku eti. Ndinati aise tadikira kaye, palibe chasowa apa, yasokonekera ndi ndondomeko basi.

Chomwe ambirife sitidziwa nchoti ma header a C, timafayilo ta .h tomwe pulogalamu imaitana ndi #include, ali ndi eni ake awiri. Ena ngati stddef.h, stdarg.h ndi float.h amabwera ndi gcc, compiler yomwe imasandutsa code kukhala pulogalamu, ukalemba gcc -print-file-name=include ikuonetsa foda yake. Pomwe stdio.h, stdlib.h, string.h ndi a glibc, library yaikulu ya C, pa Ubuntu amabwera mu package ya libc6-dev. Ndiye pali ena ngati limits.h ndi stdint.h amene ali mbali zonse ziwiri, ya gcc imayamba kenako imaitana ya glibc kudzera pa #include_next, kutanthauza kuti "pitiriza kufufuza m'mafoda otsatira, osabwerera m'mbuyo". Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ukasintha amene ali kutsogolo ndi amene ali kumbuyo, zonse zimagwa.

Choyamba ona ndondomeko ya mafoda omwe compiler imafufuzamo ndi maso ako, lemba gcc -v -E -x c /dev/null, kapena g++ -v -E -x c++ /dev/null ngati ndi C++, uwerenge mafoda ali pansi pa search starts here. Ya compiler izikhala pamwamba, /usr/include pansi. Ukatero bwereza kukompaila utawonjezera -H, imatchula header iliyonse yomwe yatsegulidwa ndi komwe yachokera, ndiye wolowerera uja umamugwira pompo.

Kwa mnzangayu vuto linali -isystem /usr/include, yomwe imakankhira foda imeneyi kutsogolo, mu Makefile, fayilo ya malangizo a kukompaila, yomwe anangokopera kwinakwake. Kuyambira GCC 6 ya 2016, header ya C++ yotchedwa cstdlib imafuna stdlib.h ndi #include_next, tsono /usr/include ikakankhidwira kutsogolo, kumbuyoko kulibenso kanthu. Tinangochotsa mzere umenewo, make clean, zinthu zinayenda. Onanso echo $CPATH ndi echo $C_INCLUDE_PATH, izi nazo zimawonjezera mafoda pa ndondomekoyi, anthu amaika mu .bashrc nkuiwala.

China chomwe chimandiseketsa, munthu watchula fayilo yake time.h kapena string.h kenako waika -I. (kadonthoko ndi foda yomwe alimo) ndiye compiler ikutenga yakeyo mmalo mwa ya library, ma error kumangobwera mazanamazana. Isinthe dzina, kapena gwiritsa -iquote yomwe imangokhudza ma include a mu "" okha.

Amene munamanga gcc nokha pamanja, suzumirani mu include-fixed, mumakhala makope a ma header omwe fixincludes, kachida ka gcc, inakonza tsiku lomanga, ukakweza glibc makopewo amatsala akale. Ngati ukugwiritsa musl, library ina ya C yolowa mmalo mwa glibc, usasakanize ndi za glibc, musl ili ndi stddef.h yakeyake, gwiritsa musl-gcc, ndipo pa cross-compile, ukamakompaila za makina amtundu wina, --sysroot ndi yomwe imaloza library yoyenera.

Koma chonde abale osalowa mu /usr/include ndi sudo nkumafufuta typedef chifukwa compiler yati conflicting types, lero zidutsa koma update yotsatira ifufuta zonse wakonzazo. Ngati unazigwiragwira kale, sudo apt install --reinstall libc6-dev imabweza mafayilo a glibc mmene analili, ndi ma MB ochepa chabe.