Ng'ombe ikutsegula m'mimba mwezi wachitatu, mwana wake akutani m'kholamo?

Dzinja lino ndayenda m'makola a ng'ombe za mkaka ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chandinyansa. Ng'ombe ikutsegula m'mimba mwezi wachitatu, nthiti zikuchita kuwerengeka, ndowe zamadzimadzi zili ponseponse mpaka m'chomwera, koma kamwana kobadwa sabata yatha kali momwemo, kakuyamwa bere lopakika ndowezo. Mwini wake ukamufunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ndi msipu wauwisi, alangizi, kukachita chilimwe isiya yokha."

Nthawi zambiri n'zoona. Nsenjere zanthete zimatsegula m'mimba, ndipo njoka za m'mimba zimachuluka mvula ikamagwa. Koma njoka zimamva mankhwala. Ng'ombe yoti mwaimwetsa kawiri katatu, mwaibaya jakisoni wa oxytetracycline, madeya ikumaliza onse, thupi silikutentha, koma ikungoonda, mkaka watsika, ndipo pansi pa chibwano patupa ngati mwathiramo madzi, imeneyo muiganizire matenda a Johne.

Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium avium paratuberculosis, m'bale wake wa uja woyambitsa chifuwa chachikulu. Heinrich Johne ndi Langdon Frothingham ndiwo adawafotokoza ku Germany mu 1895. Kachilomboka kamakhala m'matumbo, kamakhuthalitsa khungu la m'katimo mpaka kuchita makwinya, moti chakudya chimangodutsa osalowa m'thupi. N'chifukwa chake ng'ombe imadya ngati ziwiri koma n'kumauma. Mankhwala ochiritsa palibe. Jakisoni aliyense amene mukugula ndi ndalama yoponya m'chitsime.

Koma chondiwawa kwenikweni si ndalama ya jakisoniyo, ndi kamwana kaja. Ng'ombe yaikulu sitenga matendawa msanga. Amene amatenga ndi ana, makamaka m'masabata oyamba mpaka miyezi 6, kudzera m'ndowe za pabere, mu mkaka wa mayi wodwala, ena ali m'mimba momwe. Kamwana kakatenga sikaonetsa kanthu. Kamakula bwinobwino, mumakakweretsa, kenako pakapita zaka 2 mpaka 5 ndi pamene kamayamba kutsegula, kawirikawiri kakangobereka. Nthawi yonseyo mwina mwakapereka kale kwa mnzanu wa m'gulu pa ndondomeko yopatsana ng'ombe, kapena mwagulitsa kwa munthu wa ku Bvumbwe. Ndipo kachilomboka n'kouma mutu, m'matope ndi m'madzi osayenda kamatha pafupifupi chaka kali moyo. Khola losapalidwa lija, lomwe ena mumati "tikusunga manyowa," ndiye nyumba yake.

Bambo wina wa ku Lunzu ndidamuuza mu Januwale kuti apatule ng'ombe yake tiitenge magazi. Adandiyang'ana n'kunena, "Alangizi, ng'ombe iyi ndiye fizi ya ana anga, mukufuna muilembere imfa?" Adagula mankhwala a njoka mabotolo anayi, wina wa pamsika adamugulitsa ufa wakuda woti azisakaniza ndi madeya, pamapeto pake adayamba kukayikira mlamu wake kuti waichita chipongwe. Ng'ombe idagwa mu Malichi tisanatenge ngakhale dontho la magazi. Wabutchala adapereka ndalama yosakwana kugula mbuzi ziwiri. Pano akundifunsa ngati kathazi kamene idasiya angakasunge, ndipo kadayamwa m'matope momwemo miyezi iwiri yathunthu.

Palinso za anthu. Kuli matenda a m'matumbo otchedwa Crohn, amene munthu amatsegula m'mimba kosalekeza ndi kuonda. Dokotala wa ku Scotland, Thomas Dalziel, adaona kale mu 1913 kuti matumbo a odwala ake ena akufanana ndi a ng'ombe za Johne, ndipo Burrill Crohn ndi anzake adalemba za matendawa ku New York mu 1932. Ofufuza akhala akupeza kachilomboka mwa odwala Crohn kawirikawiri kuposa mwa anthu ena, koma mpaka lero akadatsutsana ngati ndiko kamayambitsa kapena kamangopezerapo malo m'matumbo odwala kale. Ine mkanganowo sindiudikira. Mkaka wosawiritsa umapatsira kale chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi brucellosis (matenda opititsa ng'ombe padera), ndiye chizolowezi chotenga mkaka umene wabwezedwa kogulitsira n'kuusandutsa chambiko cha ana osauphika chitheretu. Mkaka wa ng'ombe yotsegula chonchi musamwe, musagulitse.

Zochita mukuzidziwa. Ng'ombe yomwe yatsegula kupitirira masabata atatu mankhwala a njoka osathandiza, ipatuleni, muitane mlangizi wa ziweto atenge magazi ndi ndowe. Zotsatira zina zimachedwa chifukwa kachilomboka kamakula pang'onopang'ono mu labotale, miyezi iwiri kapena kuposera, ndiye musatope. Ikapezeka nawo ichotseni, ndipo mwana wake musasunge wa mbewu. Poberekera pakhale pouma, bere litsukidwe musanakame mkaka woyamba, ana akhale ndi kakhola kawo ndi chomwera chawo. Fosholo ya ndowe isakhudze chakudya, manyowa aawisi asapite pa nsenjere zodula. A mbuzi nanunso: zanu zikatenga matenda a Johne zimangoonda, nthawi zambiri osatsegula n'komwe.