Mwana akamatsalira m'kalasi ku America: thandizo lomwe lilipo ndi kapemphedwe kake

Kwathu mwana akalephera, mankhwala ake tinkawadziwa: abwereze kalasi. M'masukulu a boma a pulaimale ku America, omwe m'madera ambiri amayambira kindergarten mpaka giredi 5, thandizo limabwera pang'onopang'ono, ndipo kholo lomwe limangoti "aphunzitsi akudziwa" limataya zaka.

Yambani ndi maso ndi makutu. Mwana wosaona bwino pa bolodi amaoneka ngati waulesi, choncho kamuyezetseni kaye.

Masukulu ambiri amayesa ana onse kuwerenga ndi masamu katatu pa chaka. Wotsalira amamuika m'kagulu kakang'ono, mwina ka ana atatu mpaka asanu, kwa mphindi 20 kapena 30 masiku angapo pa sabata, kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi. Zikapanda kusintha, nthawi imawonjezedwa ndipo kagulu kamachepa. Dongosololi mudzalimva ndi dzina loti MTSS kapena RTI. Pemphani kuona zotsatira za timayeso tomwe amamupatsa pafupipafupi. Mawu oti "akuyesetsa" sakuuzani kanthu.

Pa nkhani ya chiyankhulo ndi pomwe ana athu amapwetekera. Polembetsa mwana mudzafunsidwa chiyankhulo cha pakhomo. Lembani Chichewa mosachita manyazi, kuti amuyese Chingerezi ndi kumupatsa maphunziro a ESL, omwe ndi a Chingerezi kwa ana oyankhula chiyankhulo china, ngati akufunika. Lamulo silola kuti mwana aikidwe m'gulu la olumala chifukwa chongosadziwa Chingerezi. Koma zimachitikanso kuti vuto lenileni, monga dyslexia (vuto la muubongo lomwe limachititsa kuti kuwerenga kuzivuta), limabisala kuseri kwa mawu oti "Chingerezi sichinalowe". Inu ndi amene mungasiyanitse. Ngati ngakhale m'Chichewa anachedwa kuyankhula, kapena amasokonezeka mukamutuma zinthu ziwiri nthawi imodzi, auzeni aphunzitsi. Ndipo musasiye kumuyankhula Chichewa pakhomo.

Mukakayikira kuti pali vuto lalikulu, lembani kalata kwa ahedi yopempha kuti mwana awunikidwe pansi pa lamulo la IDEA, lomwe limaona za maphunziro apadera a ana olumala. Ikani tsiku, sungani kope. Kungonena pakamwa pa geti kumaiwalika. Mukasainira chilolezo, kuwunikako kuyenera kutha m'masiku 60, pokhapokha ngati state yanu ili ndi nthawi yakeyake, ndipo simulipira kanthu. Sukulu siyenera kuchedwetsa ponena kuti RTI sinathe, ndipo ikakana iyenera kulemba zifukwa.

Akapezeka woyenera maphunziro apadera, msonkhano wolemba IEP, chikalata chofotokoza thandizo lomwe mwanayo azilandira, umachitika m'masiku 30. Inu ndinu mmodzi wa opanga chikalatacho. Onetsetsani kuti chatchula zolinga zoyezeka, thandizo lanji, mphindi zingati pa sabata. Mutha kupita nacho kunyumba kukachiwerenga musanasaine. Chimaunikidwanso chaka chilichonse, ndipo mwana amayesedwanso pa zaka 3 zilizonse. Mwana wolumala yemwe safunikira maphunziro apadera koma zomupeputsira, monga nthawi yowonjezera pa mayeso kapena mpando wakutsogolo, amalemberedwa chikalata china chotchedwa 504 plan.

Pamsonkhano muli ndi ufulu wopempha womasulira kwaulere. Nenani msanga, poti wa Chichewa sapezeka tsiku limodzi. Za mapepala zisakutsekeni pakamwa: chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa Plyler v. Doe mu 1982 chinaletsa kukaniza mwana sukulu ya boma chifukwa choti alibe zikalata zokhalira m'dzikomo.