Kugwira ntchito ndi anzathu omwe ubongo wawo umayenda mosiyana

Ndimayang'anira antchito pa loji ina ku Senga Bay, ndipo izi ndikulembera anzanga amabizinesi kuno ku Salima. Anthu ena amabadwa ndi autism (kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu mwanjira yomwe ambiri anazolowera), ADHD (kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi) kapena dyslexia (kuvutika kuwerenga ndi kulemba). Si ufiti, si ulesi. Wantchito akamalephera kukuyang'anani m'maso si mwano ayi, ubongo wake umalandira zinthu mwanjira yakeyake.

Yambani ndi kumufunsa mwiniwake, pambali osati pagulu: "Achimwene, chimakuvutani n'chiyani pantchito pano?" Musamupatse dzina la matenda, zimenezo n'za achipatala.

Malangizo muzipereka limodzilimodzi. Mukanena mukudutsa kuti "konzani zipinda, kenako muone za chambo, gasi musaiwale", munthu wa ADHD amagwirapo chimodzi, zinazo n'kutayika. Ine ndimalemba pa bolodi ya kukhitchini, ntchito iliyonse mzere wake. Yemwe kuwerenga kumamuvuta ndimamujambulira mawu pa WhatsApp, ndipo oda ya alendo amandibwerezera pakamwa.

Phokoso limasautsa ambiri a autism kuposa momwe timaganizira. Jenereta ikamalira magetsi atazima, kapena alendo akadzaza kunyanja Loweruka ndi zoimbira zawo, wantchito wotereyu mutumizeni kustolo kapena kochapira komwe kuli zii. Ngati shifiti isinthe, muuziretu kudakali nthawi, chifukwa kusintha kodzidzimutsa kumamusokoneza tsiku lonse.

Anzake akayamba kumutcha mayina, letsani pomwepo, musadikire kuti adandaule yekha. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, choncho pa malipiro ndi pokweza udindo muziona ntchito yomwe wagwira.