Class ya bizinesi musamaitumize ku sikirini momwe ilili

Anzanga opanga ma system kuno ku Lilongwe, makamaka inu amene mukulemba za ma SACCO, chonde class ya Ngongole kapena Membala (chigawo cha code chosunga zonse za ngongole kapena za membala, chomwe timachitchanso entity ya mu domain) musamaipititse yomweyo ku sikirini kapena ku API (khomo lomwe mapulogalamu ena amatengera data). Ntchito yake ndi malamulo a bizinesi basi, chiwongola dzanja chiwerengedwa bwanji, munthu wachedwa liti kubweza, ndipo ndalama muzisunga ngati BigDecimal (mtundu wa nambala wa mu Java wowerengera ndalama molondola) osati string (mawu chabe) yolembedwa kale "MK 45,000". Zoika MK kutsogolo, deti kuoneka 05/03 kapena 5 Malichi, zimenezo zisiyireni DTO kapena view model, kaclass kena kongonyamula zomwe sikiriniyo ikufuna.

Ubwino wake mudzauona tsiku lomwe abwana adzati tikufunanso USSD (zija zoimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #) kuti mamembala a ku Mitundu aziona balansi pa foni ya mabatani, kumeneko uthenga sudutsa zilembo 182 pomwe pa webusaiti mumaonetsa mbiri yonse, ndiye ngati zonse zili mu class imodzi mudzayamba kuthira ma if paliponse mpaka kusintha pang'ono maonekedwe kudzasokoneza mawerengedwe a ngongole za anthu. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti entity yonse ikalowa mu JSON (data yomwe seva imatumiza ku browser) imatenganso nambala ya chiphaso cha munthu ndi password hash (pasiwedi yosungidwa mobisa), sikirini isaonetse koma aliyense wotsegula DevTools (zida za mu browser zoonera data yomwe yabwera) aziona bwinobwino.

Inde ma mapper, code yosamutsa data kuchoka mu entity kupita mu DTO, amatopetsa kulemba. Pa Java MapStruct imathandiza, pa .NET pali AutoMapper, olo pamanja zimatheka. Ingoonetsetsani kuti mapper ndi amene aku importa domain, mu package ya domain musapezeke import ya DTO olo imodzi.