Mpopi ukamadontha, yambirani pa mita

Anzanga, mpopi ukayamba kudontha usiku wonse, musathamangire kugula watsopano. Nthawi zambiri chomwe chatha ndi kalabala kakang'ono kamkati, kaja mapulambala amakatcha washa.

Koma choyamba tsekani madzi pa mita. Ndikubwereza dala. Ine mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi litandizunguza mutu, ndinamasula mpopi osatseka. Madzi anathovoka mpaka kumalata, ndinasamba ndi malaya omwe, ufa wa m'beseni nkusanduka phala. Mayi a kunyumba anangoima pakhomo nkuti, "Bambo, nyanja mwatibweretsera m'khitchini, nanga chambo chili kuti?" Ana mpaka lero amanditchula kuti injiniya.

Mukatseka, tsegulani mpopiwo kuti madzi otsala atuluke, kenako masulani mutu wake ndi sipanala. Pansi pa kachitsulo kotulukako mupeza kalabala kophwanyika kapena kong'ambika. Katengeni mupite nako ku hadiweya kuti akupatseni kofanana, chifukwa kuyerekeza ndi zala kumanamiza. Ngati kwada, dulani kena pa tyubu yakale ya galimoto, boolani pakati ndi msomali. Kamagwira ntchito masiku angapo, osati chaka.

Pobwezera musamange ngati mukulimbana ndi ng'ona ya mu Shire, mazinga amatha. Ndipo uzani a m'nyumba kuti azitseka mpopi mofatsa, poti kukanikiza kwambiri ndi kumene kumadya washayo. Ufa usunthireni kutali musanagwire sipanala.